Chipondamthengo cha Linakisi

Ine sindikonda maulendo. Ntchito yanga ndi kukonza injini za maboti kufupi ndi Benga, ndipo injini zimandipeza zokha pakhomo. Koma ulendo uwu ndinapita, chifukwa unali wa mwana wanga.

Esinati amaphunzitsa pa sekondale ina yoyendera kupitirira Dwangwa, chakufupi ndi Dwambazi. Magetsi atafika pasukulupo, anapempha komiti ya makolo kuti imupatse chipinda chimodzi choti ana aziphunziramo makompyuta. Komiti inafunsa kuti makompyutawo ali kuti. Iye anati akubwera. Anamupatsa chipindacho, koma anamuuza kuti sukulu ikadzatsegulira makompyuta asanaoneke, mulowa matumba a feteleza a kalabu ya alimi, yomwe inkachifuna kale chipindacho. Esinati ndi mlendo kumeneko. Mphunzitsi wachilendo akangotchedwa wabodza pamaso pa makolo, ndiye kuti wamaliza.

Amene anamulimbitsa mtima kuti alonjeze ndi amalume ake, a Nkhoma, alamu anga. Anali mphunzitsi. Atapuma pantchito anagwidwa ndi nthenda ya makompyuta. Ali ndi kagulu kawo kamene kamakumana pa Boma. Amatola makompyuta otayidwa m'maofesi n'kuwadzutsa ndi chinthu chotchedwa Linakisi, kenako amayenda m'masukulu ndi m'mashopu kukopa anthu kuti nawonso ayambe kugwiritsa ntchito chinthucho.

Anandifotokozera kambirimbiri. Zimene ndinagwirapo ndi izi. Kompyuta ili ngati boti, payokha ndi matabwa chabe. Kuti iyende pamafunika pulogalamu yoiyendetsa, monga injini. Ina imagulidwa, ndipo eni ake salola kuti uitsegule. Linakisi ndi yaulere. Anaipanga anthu ambiri mothandizana, ndipo aliyense angathe kuitsegula, kuona m'kati, kukonza, n'kupatsako mnzake. Za kutsegulazo ndinazikonda. Za ulerezo ndinangokhala chete.

Makompyuta anali anayi. Yachinayi inavuta kudzuka, mwakuti tinanyamuka tsiku lomaliza la holide, tsiku lomwelo limene komiti inati ikumana masana kuti ione. Alamu anati ine ndipite nawo chifukwa ndine bambo wa mwana. Chenicheni n'chakuti ankafuna manja onyamula.

Tinaima pamsewu pa Benga m'mamawa. Mabokosi a makompyutawo anali m'makatoni a sopo, masikirini titawakulunga m'mabulangete a mkazi wanga. Minibasi yoyamba inadutsa yodzaza. Yachiwiri inaima. Kondakitala anati katunduyo amumangirira kumbuyo pamodzi ndi matumba a mpunga ndi beseni la usipa. Alamu anakana. Kondakitala anati ngati makatoniwo ndi olemekezeka chotero, akhale pampando ndipo alipire ngati anthu. Anakangana. Pomaliza anagwirizana kuti makompyuta awiri akhale munthu mmodzi, popeza alibe miyendo. Ine ndinakhala ndi masikirini awiri pamiyendo. Msewu sindinauone.

Tisanapite patali, alamu anagwada pampando n'kutembenukira kumbuyo. Anapereka moni kwa abale ndi alongo, nati abwera ndi uthenga wa ufulu. Amayi awiri anaweramitsa mitu. Wina anati ameni. Atamva kuti nkhani ndi ya makompyuta anadzutsa mitu. Gogo wina wamwamuna anamvetsera mpaka kumapeto, kenako anafunsa ngati Linakisiyo imathandizanso msana. Alamu anati ayi. Gogoyo anati nanga bwanji akusokosera anthu.

Pa Chia tinaima, monga imaimira galimoto iliyonse, kuti anthu agule nsomba. Mayi wina amene anakhala pafupi nane anagula nsomba za chambo zazikulu zitatu. Dalaivala anazimangirira pagalasi loonera kumbuyo kuti ziziwombedwa ndi mphepo. Mayiyo anali Mayi Juma, wogulitsa mpunga, wovala mpango woyera kumutu. Anali ndi kamtolo kokulunga m'chitenje, ndipo anakafukata ngati khanda njira yonse. Sindinafunse. Ine sindifunsa za anthu.

Pa Boma minibasi yathu inati yathera pomwepo. Tinatsitsa katundu n'kukwera ina ya ku Dwangwa, imene inkaoneka kuti yatsala pang'ono kudzaza. Mayi Juma anakwera yomweyo, nsomba zawo n'kusamukira pagalasi latsopano. Kondakitala wa iyi anali wina wamtali, wosafuna zokangana. Anatsegula kubuti, n'kutulutsa tayala la sipeya, n'kulisiya pa shopu ina, makatoni athu n'kulowa m'malo mwake. Ndinaona. Sindinanene kanthu. Si galimoto yanga.

Tinadikira. Dzuwa linakwera. Dalaivala ankaliza injini, kupita patsogolo pang'ono, kubwereranso. Alamu anapeza bambo wina wa malaya abuluu amene ankamvetsera bwino kwambiri. Ankagwedeza mutu, kufunsa mafunso, kudabwa pofunika kudabwa. Alamu anandinong'oneza kuti ameneyu akhala membala wa gulu. Anamufotokozera zonse kuyambira pachiyambi. Anthu enieni a ulendo atachuluka, bamboyo anatsika, kondakitala n'kumupatsa kangachepe. Anali mmodzi wa aja amangokhala m'minibasi kuti izioneka yodzaza. Anapita kukakhala m'minibasi yotsatira.

Tinanyamuka, n'kufika pa rodibuloko. Pamenepo wapolisi anafunsa za makatoni. Alamu anaonetsa pepala la ofesi imene inapereka makompyutawo, ndipo zikanathera pomwepo. Koma anafunsa wapolisiyo kuti kompyuta ya kupolisi imayendera chiyani. Wapolisiyo anati sadziwa. Alamu anayamba. Wapolisi anamvera pang'ono, anayang'ana ine, ine ndinayang'ana kutsogolo. Kenako anakweza yekha mtengo wotchinga msewu n'kuuza dalaivala kuti achite changu.

Tinaoloka Bua. Msewu unali ndi maenje, dalaivala akuwazemba uku ndi uku ngati woledzera. Limodzi sanalizembe. Tayala lakumbuyo linaphulika pafupi ndi kamsika kena, tisanayambe n'komwe kuona minda ya nzimbe. Tinatsika tonse. Dalaivala anati atulutse sipeya. Kondakitala anakanda mutu. Anatukwanana pamaso pa anthu, ndipo m'kutukwananako aliyense anamva kuti sipeya yatsala pa Boma chifukwa cha makatoni a amuna awiri aja. Anthu anatiyang'ana. Alamu anati pepani. Ine ndinakhala pamwala.

Wina anati popeza ndine makaniko, ndichitepo kanthu. Ndinati ine ndi wa injini za m'madzi, ndipo boti lilibe matayala. Dalaivala anamasula tayala lophulikalo, n'kulikweza pa njinga yamoto ya kabaza, ulendo wa ku Dwangwa kukalimatitsa.

Pakamsikapo panali mtengo wa mango, chiwaya cha tchipisi, kagolosale, ndi shopu yometera tsitsi yokhala ndi sola, momwe ankatchajamonso mafoni. Tinadya tchipisi. Tinatafuna nzimbe. Nsomba za Mayi Juma zinali pagalasi pomwepo, mphepo itatha, ntchentche zitazipeza. Esinati anaimba foni kuti a komiti afika kale, ndipo ngolo ya feteleza yaima panja pa chipinda. Ndinati tikubwera. Anafunsa kuti tili pati. Ndinati pamsewu.

Mayi Juma anapita kukaswali kuseri kwa golosale. Atabwerako anakhala pansi patsogolo pa alamu n'kumasula kamtolo kaja. Munali laputopu. Anati ndi ya mwana wawo wamkazi wa ku koleji, inangofa, ndipo m'katimo muli ntchito yake yonse ya sukulu. Fundi wokonza makompyuta wa ku Salima anati agule ina. Tsopano ankapita nayo kwa fundi wa ku Dwangwa, mwina Mulungu akalola. Anati amva zonse zimene bamboyu wakhala akunena kuyambira ku Benga, ndiye ngati n'zoona, nayi.

Nkhope ya alamu inawala ngati ya munthu amene wagwira kampango ndi mbedza ya usipa. Tinalowa mometera tsitsi muja. Wometa anasiya munthu mutu uli theka. Alamu analumikiza laputopu kumagetsi, n'kutulutsa kafulashi kamene amayenda nako m'thumba la malaya, kokhala ndi Linakisi m'kati, n'kukabaya m'mbali mwa laputopuyo. Anthu onse a m'minibasi anadzaza pakhomo. Sikirini inayamba yakuda. Kenako malemba oyera anayamba kuthamanga okha, kuchokera pansi kupita m'mwamba, popanda wogwira. Kenako inawala. Alamu anadina apa ndi apo, ndipo panatuluka chithunzi cha mtsikana atavala mpango ngati wa amayi ake, ndi mapepala ake onse a sukulu.

Mayi Juma anati Alhamdulillah, maso ali ndi misozi. Alamu anafotokoza kuti laputopuyo sinafe, inafa ndi pulogalamu yakale yokha, ndipo akhoza kuikamo Linakisi osafufuta kanthu ka mwanayo. Mayiyo anavomera. Anaikamo. Zinatenga nthawi, koma nthawi ndiyo tinali nayo.

Zitatha, Mayi Juma anayamba kumasula mfundo ya pachitenje. Anati akufuna kupereka chipondamthengo. Aliyense kwathu amadziwa kuti ukapita kwa sing'anga umayamba wapereka kanthu kakang'ono koti akapondere kuthengo, apo ayi mankhwala sagwira, kapena amagwira molakwika. Si malipiro. Ndi mwambo.

Alamu anakweza manja onse awiri. Anati sangalandire kanthu, ngakhale singano. Linakisi ndi yaulere, ndipo gulu lawo linapangana kuti silidzalandira kalikonse. Mayiyo anakakamira. Alamu anati angoitenga ngati sadaka.

"Sadaka? Mwandiona ngati wopemphetsa ine?" anatero Mayi Juma. "Mwaika chinthu m'katundu wa mwana wanga, ndiye mukukana kuti ndichilipire. Chidzafuna chiyani m'tsogolo?"

Alamu anati sichidzafuna kanthu. Anawonjezera, mokondwa, kuti ubwino wake chimafalikira, mwanayo akhoza kupatsako anzake ku koleji, anzakewo n'kupatsanso ena, mpaka dziko lonse, ndipo sichitha. Anatulutsanso kachithunzi komata ka mbalame ya Linakisi, yakuda ndi yoyera, yamimba yaikulu, yokhala tsonga ngati munthu, kuti amate palaputopupo.

Ndinaona anthu m'shopumo akuyang'anana. Ndinawakoka malaya. Sanamve.

Panali bambo wina wa majombo, wodula nzimbe, wobwerera kuntchito. Iye ndiye anayamba. Analankhula motsitsa, mawu ake akumveka kuti ndi wa chakumpoto. Anati iye wayenda. Anati zinthu zopatsa anthu ulere, zokana malipiro, zofalikira kuchokera kwa uyu kupita kwa uyu, zolemba zokha pamalo akuda, zokhala ndi chizindikiro cha mbalame yosadziwika, iye amazidziwa kumene zimachokera. Sanatchule. Sipanafunike kutchula. Mayi wina anati n'chifukwa chake tayala linaphulika. Wina anakumbutsa kuti wapolisi uja anatsegula msewu osayang'ana m'makatoni. Wometa tsitsi anazula chingwe cha laputopu pamagetsi ake n'kuchigwira ndi nsonga za zala.

Alamu anaseka, nati umenewu ndi umbuli, ndipo iwo aphunzitsa ana zaka zambiri kuti zoterezi zithe. Pamenepo ndiye anathira mafuta pamoto.

Dalaivala anafika ndi tayala nthawi yomweyo. Akulimanga, anthu anauza kondakitala kuti iwo sakwera ndi makatoni amenewo. Asankhe, anthu kapena makatoni. Kondakitala sanavutike kusankha. Anatsegula kubuti n'kuyamba kuwatsitsa, kuwaika m'fumbi m'mbali mwa msewu. Anyamata a pamsikapo anayandikira, wina atagwira chidutswa cha njerwa, nati awatsegule aone zimene zili m'katimo. Cha kunyanja mitambo inali itada. Galimoto ina yokhala ndi malo sinadutse chifikire pamalopo. Foni inaliranso m'thumba. Sindinayankhe. Ndinadziwa kuti ndi Esinati.

Ndinanyamuka pamwala paja, pamene ndinali nditakakhalanso titatuluka m'shopu. Ndinapita pakati pa anthu.

"Mwafunsa munthu wolakwika," ndinatero. "Awa ndi wophunzira wanga. Wophunzira salandira chipondamthengo. Akalandira, dzanja limauma. Mwini ntchito ndine."

Alamu anatsegula pakamwa. Ndinawaponda phazi.

Anthu anandiyang'ana. Ndinali nditakhala chete kuyambira ku Benga, manja anga ndi akuda ndi girisi wa zaka zambiri, ndipo nkhope yanga si yosekerera. Bambo wa majombo anafunsa kuti nanga bwanji sindinanene kale. Ndinati palibe anandifunsa. Anafunsa za mbalameyo. Ndinati ndi chizindikiro cha kampani, ngati tambala wa pathumba la ufa. Anafunsa ngati chinthucho chili ndi mtengo.

"Chilipo chopanda mtengo?" ndinatero.

Anthu anapuma. Mayi wina anati iye ankaona kale kuti wamkulu ndi wacheteyu, wolongololayu ndi wonyamula chikwama. Wina anati asing'anga enieni salankhula. Mayi Juma anafunsa kuti ndilandira chiyani. Ndinati chimene ali nacho. Anapita pagalasi la minibasi, anamasula chambo chimodzi, chachikulu kuposa zinzake, n'kudzachiika pansi patsogolo panga ndi manja awiri. Chinali chitakhala padzuwa kuchokera ku Chia. Maso anali atalowa m'kati. Ndinachitola. Ndinagwira laputopu yawo pamwamba, n'kunena kuti yatha, ikagwira ntchito. Anathokoza n'kuikulunganso m'chitenje.

Kondakitala anabweza makatoni m'buti, mosamala kuposa poyamba. Mnyamata wa njerwa uja anaitaya, n'kufunsa ngati ndimadzutsanso mafoni. Ndinati lero ayi.

Chambocho dalaivala anakana kuchimangiranso pagalasi, nati tsopano ndi cha asing'anga, iye sachigwira. Ndinachinyamula m'jumbo pakati pa miyendo, masikirini ali pamwamba. Anthu anatsegula mawindo onse koma palibe anadandaula. Alamu anandinong'oneza kuti ndawononga ntchito ya gulu lonse, kuti mawa msewu wonse udzadziwa kuti Linakisi imagulidwa ndi nsomba, ndiponso kuti iwo anaphunzitsapo anthu amene lero ndi mabwana, sangatchedwe wophunzira wa munthu amene analekeza sitandade sikisi. Ndinati faifi.

Pa Dwangwa tinatsika. Mayi Juma anatsanzikana ndi ine, alamu anangowagwedezera mutu. Bambo wa majombo anandithandiza kunyamula makatoni mpaka pa matola a ku Dwambazi, n'kundiuza kuti mlamu wake ali ndi kompyuta yakufa, adzandipeza. Matolawo anali kapikapu kodzaza ndi matumba a shuga, malata ndi anthu. Tinakhala pamwamba. Mvula inayamba titangodutsa minda ya nzimbe. Pepala la pulasitiki linali limodzi, ndipo tinafunditsa makompyuta. Ife tinanyowa. Chambo chinanyowanso, koma sichinasinthe.

Kuchokera pamsewu waukulu kufika pasukulu tinasenza pamutu, maulendo awiri. Tinapeza a komiti atakhala pakhonde, ngolo ya feteleza itafunditsidwa lona, ng'ombe zitamasulidwa. Esinati anali ataima pakhomo la chipindacho, manja atapinda. Sanatilonjere. Anangoti, "Ababa, mwanunkha." Kenako anayamba kumasula makatoni.

Alamu analumikiza zingwe. Kompyuta yoyamba inayaka, yachiwiri, yachitatu. Yachinayi inakana. Anaitsegula, anakankha kanthu kena kamene kanasuntha ndi maenje a pamsewu, inayaka. Ndinauza Esinati kuti aime patsogolo pa masikirini mpaka malemba oyera aja atatha kuthamanga. Anandiyang'ana, koma anaima.

Wapampando wa komiti anali bambo wachikulire, wa ndodo. Anayenda kuzungulira matebulo. Anagwira bokosi limodzi kuti amve ngati likutentha. Kenako anafunsa funso limene ndinkalidikira. Anati zinthu zinayi zotere, zochokera kutali, eni ake akufuna chiyani kwa ana athu?

Alamu anakoka mpweya. Phazi lawo linali patali, sindikanalifikira. Ndinayankha msanga. Ndinati mtengo wake ndi zitsulo za m'mawindo onse atatu, loko watsopano pachitseko, ndi lata limodzi pamene pakudontha apo. Zikapanda kuchitika, tidzabwera kudzatenga katundu wathu.

Wapampando anati ndadula. Anakambirana ndi anzake. Anati zitsulo aika m'mawindo awiri, lachitatu alitseka ndi njerwa. Loko avomera. Lata anati lidikire akolole. Ndinati lata silidikira, mvula ndi iyi. Tinakokanakokana. Anavomera lata, ine n'kuvomera njerwa. Tinagwirana chanza. Anatuluka akuuza anzake kuti anthu a ku Benga ndi ouma pamalonda, koma awagonjetsa pa zenera. Anauza mwini ngolo kuti amange ng'ombe, fetelezayo akamupezere malo kwina. Kiyi wa chipinda anapereka kwa Esinati pamaso pa onse.

Chambo chija Esinati anakachikwirira kuseri kwa nyumba yake.

M'mawa mwake tinabwerera. Alamu anakhala pawindo, ine pambali pawo. Anandikwiyira kwambiri, mwakuti kuchokera pa Dwambazi, kudutsa Dwangwa, Bua, Boma, Chia, mpaka kutsika pa Benga, sanalankhule mawu ngakhale amodzi, kwa ine kapena kwa wina aliyense. Ulendo wokoma ngati umenewo sindinayendepo.